Khomo la Ntchito ku Britain Lachepa: Olowa Ndi Ndani Tsopano?

M'chaka cha 2023, zilembo zitatu za CoS zinali pakamwa pa anthu ambiri ku Zimbabwe, Nigeria ndi India, ndipo mbiri yake inafikanso ku Lusaka ndi ku Lilongwe. Munthu akamva kuti msuweni wake wapeza CoS, ankadziwa kuti ulendo wa ku Britain wapsa. Mabanja ena anagulitsa malo, galimoto ngakhale ng'ombe kuti mwana wawo aipeze, koma ambiri mwa iwo sankadziwa chimene akugula.

Dzina lake lonse ndi Certificate of Sponsorship. Si chikalata chogwirika m'manja ayi. Ndi nambala ya pakompyuta imene wolemba ntchito ku Britain amapereka kwa mlendo amene akufuna kumulemba. Kampani kapena chipatala chimapereka nambalayi pokhapokha chitalandira laisensi ku Home Office, unduna woona za anthu olowa ndi otuluka m'dzikolo. Nambalayo imanena dzina la wolemba ntchito, mtundu wa ntchitoyo ndi malipiro ake, ndipo munthu amakhala ndi miyezi itatu yoti aigwiritse ntchito pofunsira viza.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Viza yotere imamangidwa pa wolemba ntchito mmodzi. Kampani ikatha, kapena boma likailanda laisensi, kawirikawiri wantchitoyo amapatsidwa masiku 60 okha oti apeze wina womulemba, apo ayi abwerere kwawo. Munthu amene chilolezo chake chokhala m'dziko chili m'manja mwa bwana wake savuta kumupondereza, pakuti amaopa kudandaula.

Zimenezi zinaonekera poyera pa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Britain itatuluka mu European Union, komanso mliri wa Covid-19 utavuta, nyumba zosungira okalamba zinasowa antchito kwambiri. Mu Febuluwale 2022 boma linalola kuti osamalira okalamba azibwera pa viza ya Health and Care Worker, imene inakhazikitsidwa mu Ogasiti 2020. Ntchitoyi sinkafuna digiri. Anthu anakhamukirako, ndipo akathyali nawo sanagone. Panabuka makampani okhala ndi dzina ndi laisensi koma opanda odwala okwanira, ndipo madobadoba ankagulitsa CoS pa mapaundi zikwizikwi. Anthu ena atatsika ndege anapeza kuti ntchito kulibe, ena ankapatsidwa maola ochepa osakwanira kulipira lendi, pamene ngongole ikuwadikira kumudzi. Boma la Britain linanena kuti pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 linalanda malaisensi oposa 470 m'gawo limeneli, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene anavutika kwambiri ndi anthu amene anachita zonse moona mtima.

Kenako khomo linayamba kutsekeka. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, osamalira okalamba analetsedwa kutenga akazi, amuna kapena ana awo. Pa 22 Julaye 2025 boma linasiyiratu kupereka viza imeneyi kwa osamalira okalamba ofunsira ali kunja kwa dzikolo. Amene ali kale ku Britain ndi amene anasiyiridwa mpata, mpaka 2028, wowonjezera viza kapena kusintha owalemba. Choncho aliyense amene lero akuuza munthu wa ku Mzuzu kapena ku Chipata kuti amupezera CoS ya ntchito yosamalira okalamba akumunamiza.

Pa 22 Julaye 2025 pomwepo malamulo a viza ya Skilled Worker, yomwe ndi njira yaikulu ya akatswiri a ntchito zosiyanasiyana, anakhwimanso. Ntchito zambiri tsopano ziyenera kukhala za mlingo wa digiri, ndipo malipiro ochepetsetsa amene wolemba ntchito ayenera kulonjeza anafika pa mapaundi 41,700 pachaka. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ndalamayi inali 26,200, kenako mu Epulo chaka chomwecho inadumphira pa 38,700. Amene akukwanitsa kudutsa pamenepa ndi mainjiniya, akatswiri a mapulogalamu a kompyuta, a zachuma ndi ena amene makampani ali okonzeka kuwalipira bwino. Iwowa amalipiranso msonkho wa zaumoyo wa mapaundi 1,035 pa chaka chilichonse cha viza, ndipo umaperekedwa wonse pofunsira.

Madokotala ndi anamwino ali ndi njira yofewerako. Viza yawo ndi yotsikirapo mtengo, salipira msonkho wa zaumoyo uja, ndipo malipiro awo amayezedwa potsata sikelo ya NHS, bungwe la zipatala za boma. Komabe njirayi ndi yaitali. Namwino wophunzira ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku koleji ya mishoni ayenera kuyamba walembetsa ku Nursing and Midwifery Council ya ku Britain. Bungweli limafuna umboni wa Chingerezi, ndipo ambiri amalemba mayeso a IELTS kapena OET. Pa IELTS pamafunika 7 pa kuwerenga, kumva ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Anamwino ambiri amene alankhula Chingerezi m'wodi kwa zaka zambiri amadabwa kuona kuti gawo lolemba lawagwetsa. Akadutsa apo pali mayeso a pakompyuta otchedwa CBT, amene munthu angalembe asanachoke kwawo, kenako OSCE, amene amachitikira ku Britain konko. Pa OSCE namwino amaonetsa ndi manja ake mmene amayezera wodwala, mmene amaperekera mankhwala ndi mmene amalembera zimene wachita, woyesa ali chilili pambali pake. Ochokera ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique amafunikanso chikalata chosonyeza kuti alibe chifuwa chachikulu, chochokera kuchipatala chovomerezedwa ndi boma la Britain.

Pali lamulo lina limene limasokoneza anthu ambiri. Bungwe la World Health Organization lili ndi mndandanda wa mayiko amene ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa kwambiri, ndipo wa 2023 uli ndi mayiko 55. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique onse alipo. Britain imawaika mayikowa pa mndandanda wofiira, kutanthauza kuti zipatala ndi makampani ofunira anthu ntchito saloledwa kupita kukakopa anamwino kumeneko. Koma namwino payekha sanaletsedwe. Akaona ntchito yolengezedwa ndi chipatala, angathe kufunsira yekha mwachindunji, popanda mkhalapakati. Ndiye ngati ejenti akuyenda m'zipatala za ku Blantyre kulemba mayina a anamwino opita ku NHS, akuchita zimene zipatala za NHS zinaletsedwa kuchita, ndipo n'koyenera kumukayikira.

Lamuloli lili ndi chifukwa chake chimene Amalawi akuchidziwa bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri anachoka m'zipatala za boma kupita ku Britain, pa nthawi imene Edzi inali itadzaza mawodi. Mu 2004 boma la Malawi linayambitsa ndondomeko yapadera yosunga ndi kuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala, mothandizidwa ndi Britain yomweyo komanso bungwe la Global Fund, ndipo malipiro awo anawonjezeredwa ndi 52 peresenti. Palibe amene angadzudzule namwino wofuna kuphunzitsa ana ake ndi kumanga nyumba. Komanso aliyense amene anagonapo pakhonde la chipatala kudikirira wodwala amadziwa mmene zimakhalira namwino mmodzi akamayang'anira wodi yonse usiku.

Wofuna kuyesa mwayi wake angadziteteze popanda kulipira kanthu. Boma la Britain limasindikiza pa intaneti, pa gov.uk, mndandanda wa olemba ntchito onse amene ali ndi laisensi, ndipo dzina limene palibe pamenepo silingapereke CoS yeniyeni. Malamulo a dzikolo amaletsa ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, ndiponso amaletsa wolemba ntchito kubweza kwa wantchito ndalama ya laisensi kapena ya CoS. Kontalakiti nayo iyenera kuwerengedwa mofatsa, makamaka ndime yonena za ndalama zimene munthu adzabweze akasiya ntchito nthawi isanakwane, chifukwa ena aikapo ndalama zochuluka moti wantchito amalephera kuchoka ngakhale akuzunzidwa.

Amene akuwerengera zokakhazikika kumeneko ayeneranso kutchera khutu. Kwa zaka zambiri, munthu wogwira ntchito pa viza zimenezi ankatha kufunsira chilolezo chokhala mpaka kalekale akatha zaka 5. Mu Meyi 2025 boma la Britain lotsogozedwa ndi Keir Starmer linalengeza cholinga chokweza nthawiyi kufika pa zaka 10 kwa anthu ambiri, ndiponso chokhwimitsa mlingo wa Chingerezi, ngakhale kwa akazi ndi amuna otsagana ndi antchitowo.