Mbiri ya Dedza ili m'manja mwa alimi

Chaka ndi chaka, dzuwa likayamba kuswa mtengo m'miyezi ya Sepitembala ndi Okotobala, mapiri a m'boma la Dedza amafuka utsi usana ndi usiku. Wina watentha mapesi pososa, wina akusaka mbewa, winanso akufuna msipu wanthete wa ng'ombe zake. Alangizi a zaulimi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti moto umenewu ukugugitsa nthaka. Koma pali chinthu china chimene motowu ukuononga, chomwe sitichitchula kawirikawiri pa tsamba lino. Chinthucho ndi mbiri ya makolo athu, imene inajambulidwa pa miyala ya m'mapiri omwewo.

Boma la Dedza lili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Lili ndi mapanga a zithunzi zamakedzana ku Chongoni, nyumba yosungiramo za chikhalidwe ku Mua, komanso bwinja la Kalonga ku Mankhamba. Malo onsewa azunguliridwa ndi minda. Amene amadzuka nawo m'mawa uliwonse ndi mlimi, choncho kusungika kapena kuonongeka kwa malowa kwagona pa khasu, nkhwangwa ndi machesi a mlimiyo.

Zithunzi za m'mapanga a Chongoni

Kumpoto kwa tauni ya Dedza kuli nkhalango ya Chongoni. M'nkhalangoyi ndi m'mapiri oyandikana nayo muli malo 127 amene pa miyala yake pali zithunzi zakale, pa dera loposa mahekitala 12,000. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika dera limeneli m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi, monga linachitira ndi paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984. Malo amene alendo amafikako kawirikawiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Zithunzizi zili mitundu iwiri. Zofiira ndiye zakale kwambiri, ndipo anazijambula ndi Akafula, anthu aja ankadalira ulenje ndi zipatso zakutchire. Zambiri mwa izo ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Zoyera anazijambula ndi alimi a Chichewa, pogwiritsa ntchito dothi loyera ndi zala zawo. Zina mwa zoyerazi zimakhudza chinamwali cha atsikana, ndipo anamkungwi ankaphunzitsira pomwepo. Zina ndi za zilombo za gule wamkulu monga kasiyamaliro. Kujambulaku kunapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900, nthawi imene mwambo wa nyau unkapanikizidwa ndi amishoni ndi boma la atsamunda.

Pamenepa tingaone kuti amene anajambula zithunzi zoyerazi anali anthu a khasu ngati ife, amene ankadera nkhawa mvula, mbewu ndi ana awo. Mudzi wa ku Chongoni ukanena kuti zithunzizi n'za azungu odzaona malo, ukukana chuma cha agogo ake.

Mmene moto ndi nkhwangwa zimaonongera

Utoto wa zithunzizi ndi wosalimba. Moto ukayaka pafupi ndi thanthwe, mwaye umadetsa pamene pali chithunzi, ndipo kutentha kumachititsa kuti khungu la mwala lisweke n'kuyamba kugwa tizidutswa. Chithunzi chikagwa chagwa, palibe mmisiri amene angachibwezeretse. Abusa a ziweto akabisala mvula m'phanga n'kusonkha moto wootcha chimanga, amaononga m'tsiku limodzi chimene chakhala zaka mazanamazana. N'chimodzimodzi ana a sukulu olemba maina awo ndi makala kapena choko, ndi anthu othira madzi pa chithunzi kuti chioneke bwino pojambula.

Mitengo nayo ili ndi ntchito yake. Misuku, miombo ndi mitengo ina yachilengedwe imatchinga dzuwa, mphepo ndi mvula kuti zisamenye pa thanthwe. Ikadulidwa n'kuotchedwa makala, madzi amayenderera pa mwala n'kumatsuka utoto. Madzi omwewo akatsika phiri lopanda mitengo amathamanga mwaukali, n'kukumba zigwembe m'minda ya m'munsi ndi kukokolola nthaka yachonde kupita nayo ku mtsinje wa Linthipe. Chilimwe chikafika akasupe amaphwa msanga, ndipo madimba a kachewere, kabichi ndi tomato amene Dedza imatchuka nawo amasowa madzi. Choncho woteteza phanga akutetezanso dimba lake.

Njira zake n'zomwe alangizi amatiphunzitsa kale. Mapesi tiziwakwirira m'mizere kapena kuwayala m'munda m'malo mowatentha, chifukwa akaola amasanduka manyowa ndipo amasunga chinyezi. Midzi yoyandikana ndi phiri ilambule njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, cha mu Meyi kapena Juni. Ofuna phindu m'nkhalango apachike ming'oma ya njuchi, atole bowa ndi masuku, zinthu zimene zimabweranso chaka chamawa ngati mtengo uli chiimire.

Ku Mua ndi ku Mankhamba

Mukatsika chitunda cha Dedza kudzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere n'kufika ku Golomoti, mwayandikira mishoni ya Mua, imene ansembe a chipani cha White Fathers anaitsegula mu 1902. Pamalo amenewa Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa likulu la zaluso ndi chikhalidwe la Kungoni mu 1976. Kumeneku kuli nyumba ya Chamare, yosungiramo mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira pa kubadwa kwa mwana, chinamwali, ukwati mpaka maliro. Muli nkhope za zilombo za gule wamkulu mazana angapo, chilichonse ndi tanthauzo lake. Pambali pake pali malo a mabuku ndi zolembedwa, kumene ophunzira amakafufuza za miyambo.

Mlimi akalowa m'nyumba imeneyi apeza kuti miyambo yambiri ya makolo inkayendera limodzi ndi nyengo za kumunda. Zinamwali ndi magule akuluakulu zinkachitika anthu atakolola, nkhokwe zili zodzaza, chifukwa mwambo umalira chakudya ndi mowa. Mvula ikachedwa anthu ankapita kukachisi kukathira nsembe. Ndipo zilombo zambiri zimaphunzitsa khalidwe: kudzudzula ulesi, umbombo, kuba ndi uchidakwa, matenda omwewo amene amagwetsa makalabu a alimi lero. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo mu 2017 bungwe lomweli linaika nsima m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa. Apa ndiye kuti thukuta la mlimi wa chimanga lalowa nawo m'mabuku a dziko lapansi.

Kufupi ndi Mtakataka, m'dera lomweli la Inkosi Kachindamoto, kuli Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Katswiri wa mbiri yakale Dr Yusuf Juwayeyi anakumba pamalowa ndipo anapeza mapale, zipangizo zachitsulo ndi zamkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Zimenezi zikusonyeza kuti zaka mazana anayi kapena asanu zapitazo anthu a kuno ankachita kale malonda ndi maiko akutali kudzera ku nyanja yamchere. Mudzi waukulu chotero sukanakhazikika popanda alimi oudyetsa ndi amisiri a ng'anjo osula makasu.

Zinthu zotere zikadali pansi pa minda yambiri, ndipo amene amayamba kuziona ndi munthu wogalauza. Mukatulukira mapale ambiri pamalo amodzi, mikanda, mphero, zotsalira za ng'anjo kapena mafupa, musamwaze kapena kukumba mofuna chuma. Kwa akatswiri, malo ndi kuya kumene chinthu chapezeka n'zimene zimanena msinkhu wake, ndipo chikachotsedwa umboni watha. Ikani chizindikiro, kauzeni nyakwawa, ndipo iwo akadziwitse ofesi ya bwanamkubwa kapena nthambi ya boma yoona zinthu zakale. Lamulo la dziko lino loteteza zipilala ndi zinthu zakale limaletsa kukumba, kuononga kapena kugulitsa zinthu zoterezi popanda chilolezo cha boma.

Mbewu nazo ndi mbiri

Pali mbiri ina imene siingapachikidwe pa khoma, chifukwa imafa ikapanda kubzalidwa. Chimanga chimene timati ndi moyo chinachokera ku America, ndipo chinafika kuno kudzera mwa amalonda Apwitikizi atayamba kufika m'mbali mwa nyanja yamchere. Chisanafale, makolo ankadalira mapira, mawere, mchewere, nzama ndi khobwe. Mphero zimene timazipeza m'mabwinja n'zimene ankaperera mawere ndi mapira. Kumapiri a Dedza ndi Ntcheu kulinso buye, amene ana ambiri a masiku ano sanamulaweko.

Mbewu zimenezi zili ndi nzeru zake. Mapira ali ndi mizu yozama ndipo kukachita ng'amba amaima kukula n'kudikira mvula, pamene chimanga chikapserera pa nthawi ya ngayaye ndiye kuti chapita. Mawere amakhala m'nkhokwe zaka zingapo osafumbwa. Nzama zimabereka pa nthaka yoguga ndipo zimaonjezera chonde m'nthaka monga zimachitira nyemba ndi mtedza. Tikakumbukira njala ya 1949, ya 2002, ndi chilala cha 2024 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, tiona kuti munda wa mbewu imodzi uli ngati nyumba ya mzati umodzi. Mawu a akulu akoma akagonera.

Boma lili ndi nkhokwe ya mbewu zamakolo ku malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe, imene inakhazikitsidwa mu 1992. Kumeneko amaumitsa mbewu n'kuzisunga pozizira kwambiri kuti mtundu usathe. Komabe mbewu yosungidwa m'botolo siinena nthawi yobzala, nthaka imene imaikonda, kapena kaphikidwe kake. Zimenezi zili m'mitu ya agogo athu, makamaka amayi, amene amadziwa kusankha ngala zabwino, kupachika chimanga cha mbewu pa utsi, kusakaniza nyemba ndi phulusa, ndi kumanga chikwatu cha mfutso ndi masamba a msuku. Gogo mmodzi akatisiya osafunsidwa, nzeru zonsezi zimapita naye kumanda.

Zoyenera kuchita kalabu iliyonse

Kusunga mbiri sikulira ndalama zambiri. Kalabu ya alimi igule kope limodzi lachikuto cholimba, isankhe mlembi, ndipo ayendere achikulire a m'mudzi. Alembe maina a mbewu zonse zimene zinkalimidwa, zomwe zatsala ndi amene akuzisunga. Alembe zaka za njala ndi zimene anthu anapulumukira, maina a akasupe amene anaphwa, malo a kachisi, a dambwe ndi a manda akale. Zachinsinsi za mwambo zisiyidwe kwa eni ake, polemba atsogoze ulemu ndipo ayambe apempha kwa mfumu. Kope lina likopedwe n'kukasiyidwa ku laibulale ya sukulu yapafupi, kuti ana aziwerenga mbiri ya kwawo. Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, koma za mudzi wanu mukapanda kulemba inuyo palibe adzakulembereni.

Chachiwiri, mlimi aliyense apatule mizere ingapo ya mbewu zamakolo chaka chino, ndipo pokolola makalabu achite chionetsero chosinthana mbewu. Chachitatu, aphunzitsi ndi makomiti a sukulu akonze ulendo wa ana wokaona Chentcherere, Mphunzi kapena Mua. Mwana amene wafotokozeredwa tanthauzo la chithunzi sangalembepo dzina lake ndi khala. Achinyamata odziwa bwino mbiriyi angathenso kupeza kangachepe poperekeza alendo, ndipo amayi angagulitse zoumba, zoluka ndi zipatso.

Mafumu ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'mudzi okhudza moto wolusa ndi kudula mitengo pafupi ndi mapanga, ndipo anthu amamvera chindapusa cha mbuzi kuposa chikwangwani cha boma. Ogwira ntchito za nkhalango ndi a zinthu zakale ndi ochepa, sangalondere mapanga 127 usiku ndi usana. Mutu umodzi susenza denga.

Nyengo yososa ikafika, alimi anzanga a ku Dedza, yambani mwayang'ana kumene mphepo ikulowera musanakhwatche machesi. Ndipo inu a maboma ena, funsani akuluakulu a kwanu za mabwinja, mapanga ndi mbewu zimene zatsala m'dera lanu, mulembe akadali moyo.