Oonera Ndiwo Anaweruza Bwino Filimu ya Abakha

Filimu ya D2: The Mighty Ducks itatuluka mu 1994, kutsatira yoyamba ya 1992, openda mafilimu ambiri ku America anainyoza kuti Disney yangobwereza nkhani yakale pofuna ndalama. Mabanja anaikondabe, ndipo ine ndili mbali yawo. Onyozawo mfundo ali nayo: mu 1993 Disney inakhazikitsa timu yeniyeni ya hockey, masewera a pa madzi oundana, ku Anaheim, ndipo ana a m'filimuyi amavala yunifomu ya timuyo pamasewero omaliza. Kumeneko n'kutsatsa malonda, sindikana.

Komabe mtima wa nkhaniyi uli pa mphunzitsi Gordon Bombay, yemwe amatengeka ndi ndalama ndi kutchuka, n'kutayirira ana mpaka timu ya Iceland kuwachititsa manyazi, kenako n'kubwerera kwa iwo modzichepetsa. Wina anganene kuti mwana wa ku Chiponde, kumalire ndi Mandimba, sadziwa zotsetsereka pa madzi oundana. N'zoona, koma mwana aliyense womenya mpira wachikulunga amadziwa kuwawa kwa kusiyidwa ndi wamkulu amene anamudalira. Aphunzitsi a matimu a ana, ioneni filimuyi limodzi ndi osewera anu.