Chimanga nachonso chili ndi madokotala

Anthu amaseka ndikanena zimenezi. Koma kumbukirani ntchemberezandonda zachilendo zija, zochokera ku America, zomwe zinafika mu Africa mu 2016. Kudziwa kuti mbozizi zimabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, momwe mankhwala safika bwino, ndi ntchito ya anthu amene atamaliza digiri yoyamba ya zaulimi anabwereranso kukachita masitala, monga ku koleji ya Bunda. Amenewa ndiwo madokotalawo. Ena amasankha tizilombo, ena matenda ngati chisaka chimene chinatha nthochi ku Thyolo.

Nanga ntchito amaipeza kuti? Kafukufuku ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, kuyeza mbewu zolowa m'dziko pachipata cha Mwanza, kapena kumakampani a mbewu. Ineyo ndikanasankha ku Bvumbwe, kumazizira bwino.