Nkhope ya chilombo ndi phunziro

Ng'oma ya mbalule ikangolira m'midzi ya Achewa yozungulira Chipata, ku Chadiza kapena ku Katete, ana amathamangira kumbuyo kwa amayi awo. Amadziwa kuti zilombo za Gule Wamkulu zatuluka kudambwe.

Kang'wingwi amatulukira thupi lonse lili mbuu ndi matope, kumutu kuli nthenga zokhazokha, ndipo bwalo limayera nthawi yomweyo. Makanja amabwera pang'onopang'ono, miyendo italiitali, mutu kuposa denga la nyumba. Chadzunda, wankhope yakuda bii ndi makwinya aukalamba, amalowa motsimphina, koma ng'oma zikakolera fumbi limangoti koboo! Kasiyamaliro, wolukidwa ndi makoko a chimanga, amadza ngati nyama yanyanga kudzaperekeza mzimu wa malemu.

Palibe nkhope yongoopsezera chabe. Chadzunda amaonetsa ulemu wa ufumu. Simoni, wankhope yofiira ngati mlendo wopsa ndi dzuwa, amadzudzula onyoza mwambo wa makolo. Mwana akaona kamodzi saiwala.

Nawonso anthu a ku Norway ndi Sweden ali ndi zilombo zawo za m'nthano, zotchedwa troll. Amati ndi ziphona zokhala m'mapiri ndi m'nkhalango, zamphuno yaitali, tsitsi lanyankhalala, zina zamchira, zina zamitu itatu, ndipo dzuwa likaziwalira zimasanduka miyala. Peter Christen Asbjørnsen ndi Jørgen Moe anayamba kusindikiza nthanozi mu 1841, kenaka akatswiri ojambula Theodor Kittelsen ndi John Bauer anazipatsa nkhope zomwe dziko likuzidziwa lero. Koma kumeneko troll amapezeka m'mabuku, m'mafilimu ndi m'masitolo a zidole.

Zathuzi zikadali ndi moyo. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo gule amavina pamaso pa khwimbi la anthu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha dziko lonse lapansi.

Chodandaulitsa n'chakuti achinyamata ambiri amangojambula ndi foni, osafunsa kuti nkhope imeneyi ikunena chiyani. Inu akuluakulu, auzeni ana tanthauzo la chilombo chilichonse mukadali moyo. Tikalekerera, gule wathu adzatsala chidole cha pashelefu.