Galimoto Yakale ya Dizilo: Kodi Imapindulitsa Munthu wa ku Kanjedza?

Anthu ambiri a ku Kanjedza amene amagwira ntchito ku Limbe, ku Chichiri, ku Ginnery Corner ndi m'tauni ya Blantyre amalakalaka atakhala ndi galimoto yawoyawo kuti aleke kulimbirana minibasi m'mawa uliwonse. Popeza galimoto yatsopano ndi yokwera mtengo, ena amasankha zakale zoyendera dizilo monga Toyota Hilux kapena Isuzu KB. Koma phindu la galimoto yotere limadalira kutalika kwa ulendo umene mwini wake amayenda tsiku ndi tsiku.

Ubwino wake woyamba ndi wa mafuta. Pa ulendo wautali, injini ya dizilo imatha kupulumutsa lita imodzi pa malita anayi kapena asanu alionse amene injini ya petulo ya kukula kofanana ikanamwa. Imakhalanso ndi mphamvu yokoka ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono, choncho simavutika pa zitunda za ku Bangwe, Ndirande ndi Soche, ngakhale itasenza matumba a feteleza kapena a chimanga. Kuwonjezera apo, injini zakale kwambiri zilibe zipangizo zambiri za kompyuta, ndipo amakaniko a ku Ndirande ndi ku Limbe amazidziwa bwino.

Vuto limayambira pa kufupika kwa ulendo. Kuchokera ku Kanjedza kukafika ku Limbe kapena ku Chichiri ndi makilomita ochepa chabe, ndipo m'mawa galimoto zimathithikana mu msewu wa Masauko Chipembere. Injini ya dizilo imachedwa kutentha, motero mwini wake amafika kuntchito isanayambe kugwira ntchito bwinobwino. Ikamayenda yozizira chotere tsiku lililonse, mafuta sapsa onse, mwaye umaunjikana m'kati ndipo oyilo amada msanga. Galimoto za dizilo zaposachedwapa zili ndi sefa yogwira mwaye yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha pamene injini yatentha kwambiri pa ulendo wautali. Pa maulendo afupiafupi sefayi imatsekeka, ndipo kugula ina kumafuna ndalama zambiri.

Mtengo wa mafuta nawonso ndi woyenera kuuganizira. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, bungwe la MERA linaika dizilo pa K2,734 pa lita pamene petulo anali pa K2,530. Kugwa kwa kwacha kumakwezanso mtengo wa pampu ya mafuta, mainjekitala ndi batire lalikulu limene injini ya dizilo imafuna, chifukwa zambiri mwa izi zimachokera kunja. Mafuta akasowa, ena amagula dizilo wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena madzi. Mafuta otere amawononga pampu ndi mainjekitala, ndipo zimene munthu anapulumutsa chaka chonse zimathera kwa makaniko tsiku limodzi. Wofuna kuitanitsa galimoto kunja ayeneranso kudziwa kuti msonkho wa MRA umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini yake.

Nkhani ya utsi imakhudza dera lonse. Mu 2012, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Galimoto yofuka utsi wakuda imapweteka ana opita kusukulu, akabaza ndi amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, makamaka amene amadwala mphumu.

Motero galimoto yakale ya dizilo imayenerera munthu amene amanyamula katundu kapena kuyenda kawirikawiri maulendo a ku Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Lilongwe. Wongopita kuntchito m'tauni momwemu angapindule kwambiri ndi galimoto yaing'ono ya petulo, kapenanso minibasi imene akuithawayo.

Paja akulu anati safunsa anadya phula. Amene watsimikiza kugula apite ndi makaniko wodalirika, ndipo injini ailize m'mawa ili yozizira. Ikavuta kulira kapena ikatulutsa utsi wabuluu kapena woyera wosatha, ndiye kuti yatopa. Aonenso kuti mapepala a umwini ndi chiphaso cha COF zili m'malo asanapereke ndalama.