Mpamba wa Mlendo Patsidya pa Zambezi

Munthu wochokera ku Blantyre amene wadinditsa pasipoti yake pachipata cha Mwanza, nalowa m'dziko la Mozambique pa Zóbuè, natsika mapiri kudzera ku Moatize kufikira atawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, amafika mumzinda wa Tete mtima wake usanavomere kuti wachokadi kwawo. Pakuti nsima imene amuikira ndi yomwe ija, a Phiri ndi a Banda akumana nawo pamsika monga kwawo, ndipo Chinyungwe cha eni mzinda, ngakhale chili ndi kayendedwe kakekake, sichimugonthetsa m'kutu monga chichitira Chizulu cha ku Johannesburg. M'menemo muli dalitso lalikulu kwa Mmalawi wofuna kuyamba malonda kumeneko. Koma m'menemonso, monga ndionera ine, muli msampha umene wakola ambiri, chifukwa munthu wosadzimva kuti ali kwa eni amaiwala msanga kuti lamulo la dzikolo likumuwerenga mlendo.

Ife sindife oyamba kuyenda njira imeneyi ndi katundu pamutu. Amalonda achiswahili anali kugula golide ndi minyanga m'mbali mwa Zambezi Apwitikizi asanakhazikike pa Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo m'masiku a Kalonga ndi Undi, pamene ufumu wa Amaravi unali kumpoto kwa mtsinjewo, makolo athu ankatsikira komweko ndi minyanga ya njovu ndi makasu osula okha, nabwerako ndi nsalu ndi mikanda. David Livingstone, potsika ndi mtsinje m'chaka cha 1856, anaupeza mudziwo uli kale msika wokalamba. Chibale chimenechi chinalimbanso m'nthawi ya masautso, pamene nkhondo ya pachiweniweni inathamangitsira anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni m'dziko la Malawi, nakhala ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ana ambiri amene anaphunzira kuwerenga m'sukulu za kwathu m'zaka zimenezo lero ndi abambo ndi amayi a ku Tete, ndipo si chachilendo kuti mwini nyumba amene mukupempha lendi akuyankheni m'Chichewa chosalala, nakufunsani za mudzi wa ku Lizulu kumene anakulira.

Chimene chinakopa alendo ochuluka m'masiku athu ano, komabe, ndi malasha a pansi pa nthaka ya Moatize. Kampani ya Vale ya ku Brazil itayamba kukumba m'chaka cha 2011, mzinda unadzala anthu a mitundu yonse, lendi ya nyumba inakwera mochititsa mantha, ndipo aliyense wokhala ndi galimoto, chipinda chogona alendo kapena mphika waukulu anaona ngati chuma chamugwera pakhomo. Koma taonani mmene zinathera kwa akuluakulu enieniwo: kampani ya Rio Tinto, imene inalipira madola a ku America oposa 3 biliyoni m'chaka cha 2011 pogula kampani yokhala ndi mgodi wa Benga, inagulitsa zonsezo m'chaka cha 2014 pa madola 50 miliyoni okha, ndipo Vale nayo inasiya mgodi wake m'manja mwa kampani ya Vulcan m'chaka cha 2022. Ngati eni mabiliyoni, okhala ndi akatswiri owawerengera, anaphonya chotere, nanga munthu wa mpamba wa ng'ombe ziwiri adzaima bwanji akamanga malonda ake onse pa msana wa mgodi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malonda okhalitsa mu Tete ndi aja otumikira zosowa za tsiku ndi tsiku za anthu okhala momwemo, zimene sizitha ngakhale mtengo wa malasha utagwa kutsidya kwa nyanja.

Ndipo zosowazo muziona bwino mukachoka pakati pa mzinda, pamene pali mabanki ndi maofesi a boma, n'kulowa m'madera okhala anthu wamba, monga dera lotchedwa Samora Machel, lotenga dzina la mtsogoleri woyamba wa dzikolo monganso mlatho uja. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, moyo wa m'deralo umayamba kusanache. Amayi atunga kale madzi, anyamata a njinga zamoto aima kale pamphambano, ndipo dzuwa likafika pamutu aliyense afunafuna mthunzi. Pamenepo mudzaona chimene firiji imodzi ichita pakhomo la munthu: mayi wathira madzi a malambe m'timapepala, waumitsa usiku wonse, ndipo mwana wake watenga kabokosi kosunga kuzizira napita nako kumsewu kumene minibasi zotchedwa chapa zimaima. Mpamba wake ndi malambe, shuga ndi magetsi olipiriratu a Credelec, ndipo phindu lake, ngakhale lichepa, limalowa tsiku lililonse. Pafupi naye pali wowotcha nyama ya mbuzi, imene Tete atchuka nayo m'dziko lonselo, wogulitsa nsomba zouma zochokera kunyanja ya Cahora Bassa, ndi wina wounjika mbatatesi ndi kabichi zotsika kumapiri ozizira a Angónia ndi Tsangano. Telala, wometa, wowotcherera zitsulo, wokonza mafoni, onsewa ali ndi malo awo. Mlendo wanzeru amayamba wakhala pansi n'kupenya chimene chikusowa pakati pa zonsezi, m'malo mofika ndi katundu yemweyo amene mnansi wake akudyetsera ana ake. Pakuti akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko ndi luso limene eni mudzi analibe.

Tsono tifike pa nkhani ya zikalata, imene ambiri amaizemba chifukwa ndi yotopetsa. Chidindo chimene Mmalawi amalandira pachipata popanda viza ndi cha munthu wodzacheza masiku owerengeka, ndipo sichimupatsa ufulu wotsegula sitolo kapena kugwira ntchito. Alipo ambiri amene amakhalira kubwerera ku Zóbuè mwezi ndi mwezi kukadinditsanso, nayesa kuti apeza nzeru; koma munthu wotere sangalembetse bizinesi m'dzina lake mwaufulu, sangadandaule pabwalo molimba mtima akabedwa, ndipo wapolisi aliyense womuimitsa pamsewu amamuchititsa nthumanzi. Wofuna kukhazikika ayenera kupita ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, imene kumeneko amaitcha SENAMI, kukafunsa chilolezo choyenera ntchito yake ndi chitupa cha mlendo wokhala m'dziko chotchedwa DIRE. Mtengo wake si wochepa, ndipo uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mpamba munthu asanagule ngakhale sikelo.

Bizinesi nayo ili ndi ubatizo wake. Dzina lake limayamba lasungitsidwa ku kaundula wa makampani, Conservatória do Registo de Entidades Legais, kumenenso malamulo a kampaniyo amalembetsedwa. Ambiri amasankha mtundu wotchedwa sociedade por quotas, umene dzina lake limathera ndi zilembo za Lda, pakuti m'menemo gawo la mwini aliyense limalembedwa poyera. Pambuyo pake pamafunika nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, yochokera ku Autoridade Tributária, ndi chiphaso cha malonda, alvará, chimene chimafunsidwa ku Balcão de Atendimento Único, ofesi imene boma linakhazikitsa kuti anthu asamayendeyende makomo ambiri ndipo onse amangoitcha BAÚ. Wolemba antchito awalembetse ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni, kumene bwana amapereka 4 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 3 peresenti. Adziwenso kuti lamulo la ntchito limaika malire pa chiwerengero cha alendo amene kampani ingalembe, kotero kuti sangadzaze sitolo yake ndi adzukulu ochokera kumudzi. Msonkho wa pa zogula, IVA, unatsitsidwa kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti m'chaka cha 2023. Zonsezi zimalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo apa ndi pamene chibale cha chilankhulo chimathera: Chichewa chidzakugulitsirani tomato pamsika wa Kwachena, koma sichidzakuwerengerani pangano la lendi. Musasaine pepala limene simunalimve, ndipo womasulira wanu asakhale mbale wa munthu amene mukupangana naye.

Pali chinthu china chimene Mmalawi ayenera kuchimvetsa asanatulutse ndalama, ndicho nthaka. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amati nthaka yonse ndi ya boma, ndipo siigulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Chimene munthu amalandira ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT. Lamulo la nthaka la 1997 limalola mlendo kulandira ufuluwo pokhapokha ali ndi ntchito ya chitukuko yovomerezedwa ndi boma, ndipo ngati akufunsa m'dzina lake ngati munthu payekha, akhale atakhala m'dzikomo zaka zosachepera zisanu. Chifukwa chake munthu akakutengerani kuseri kwa dera nakulozerani malo, nati ndipatseni zakutizakuti akhale anu, dziwani kuti akukugulitsani chimene lamulo silimulola kugulitsa. Kuchita lendi kulibe manyazi kwa woyamba.

Pozemba zovuta zonsezi, ambiri amagwa m'dzenje loposa onse, ndilo kulembetsa bizinesi m'dzina la mwini dziko: bwenzi la kutchalitchi, mlamu, kapena mkazi amene angokwatirana naye. Sindikunena kuti anthu a ku Tete ndi osakhulupirika, pakuti ambiri asunga chuma cha alendo mokhulupirika koposa abale enieni. Koma munthu amafa, banja limatha, ndipo tsiku limene mwini dzina aikidwa m'manda, olowa m'malo mwake adzabwera ndi chikalata chonena kuti sitolo, firiji ndi katundu yense ndi za malemu, ndipo woweruza adzawerenga chikalatacho, osati misozi ya mlendo. Ngati mufuna kugwirizana ndi mwini dziko, chimene chili chanzeru ndithu popeza iye adziwa makomo amene inu simuwadziwa, lowani naye m'kampani mwalamulo, gawo lanu ndi lake zilembedwe, kuti chibwenzi chanu chisasenze katundu amene pepala likadasenza.

Komatu zikalata za boma pazokha sizikhazika munthu pamudzi. Dera lililonse la mzinda lili ndi mlembi wake, secretário do bairro, ndipo pansi pake pali akulu oyang'anira timagawo ta nyumba, amene amadziwa wobwera ndi wochoka. Kalata yochitira umboni kuti mumakhaladi m'deralo, imene kubanki ndi m'maofesi ena amaifuna, imachokera kwa iwowa. Pitani mukaonekere kwa iwo m'masiku oyamba, monga mlendo aonekera kwa nyakwawa, mutavala bwino, mwini nyumba wanu akutsogolereni; munene dzina lanu, kwanu, ndi ntchito imene mwadzera. Maliro akagwa m'deralo tsekani sitolo mukakhale nawo pasiwa, ndipo chopereka chanu chisachedwe. Zimenezi ena angaziyese zazing'ono, koma m'masiku a chipwirikiti, monga aja anatsatira chisankho cha mu Okutobala 2024 pamene misewu inatsekedwa ndipo magalimoto a katundu anaima m'njira, chitseko cha mlendo chimatetezedwa ndi anansi omudziwa koposa loko wa chitsulo.

Za ndalama ndinene mwachidule. Ku Tete mugulitsa m'meticais, ndipo ogula ambiri amalipira pafoni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Koma ngati katundu wanu muoda ku Limbe, mukhala mukuyenda pakati pa ndalama ziwiri, ndipo amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023 adziwa kuti phindu la miyezi lingasungunuke kapena kuchuluka usiku umodzi popanda munthu kuchitapo kanthu. Wobwera ndi mpamba waukulu aulowetse kudzera kubanki ndi kuulembetsa ku Banco de Moçambique, pakuti kulembetsako ndiko kudzamulola kutumiza phindu kwawo mwalamulo. Akumbukirenso kuti Mozambique sali m'bungwe la COMESA, m'mene muli Zambia ndi Zimbabwe. Ubale wathu wa zamalonda uli mu SADC ndi m'pangano la maiko awiriwa, ndipo katundu wofuna kupeputsiridwa msonkho pachipata amafunika chikalata chosonyeza dziko limene anapangidwira. Njira zachidule za m'tchire, zimene anyamata a njinga amazidziwa pa zipata za Zóbuè ndi Calómuè, zalemeretsa owerengeka ndi kusaukitsa ochuluka, pakuti katundu wolandidwa alibe kokadandaulira.

Inu amene mwasunga kandalama kanu ndipo mtima ukukukokerani kutsidya kwa Zambezi, ulendo wanu woyamba ukhale wopanda katundu. Kakhaleni masiku angapo m'dera la Samora Machel kapena la Matundo, muyende m'misika m'mawa ndi madzulo, mufunse mitengo ya lendi kwa anthu atatu osadziwana, mukafike ku BAÚ ndi ku SENAMI kukamva ndi makutu anu zimene akufuna chaka chino, ndipo mukadziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi imene ili mumzinda momwemo kuti mwabwera. Mukabwerera kunyumba, khalani pansi ndi akunyumba kwanu muwerengere pamodzi mtengo wa zikalata, lendi ya miyezi isanu ndi umodzi ndi chakudya chanu. Ndalama yotsala pamenepo ndiyo mpamba umene muwoloke nawo.