Lamulo ndi umunthu: phunziro la zamalonda mumzinda wa Cape Town

Chaka chilichonse m'mwezi wa February, achinyamata mazanamazana amayamba maphunziro a zamalonda pa sukulu ya ukachenjede ya Cape Peninsula University of Technology, yomwe ambiri amangoitchula kuti CPUT, pakatikati pa mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa. Ena amafuna kudzakhala owerengera ndalama za makampani, ena otsatsa malonda, ena oyang'anira antchito. Limodzi mwa maphunziro omwe ambiri a iwo amakumana nawo ndi la malamulo a zamalonda. Achinyamatawa sadzakhala maloya ayi, koma ndiwo adzasayinire migwirizano, kulemba ziwerengero m'mabuku a kampani ndi kuika mitengo pa katundu. Nanga mphunzitsi wawo angowauza zomwe lamulo limalola basi, kapena awathandizenso kuzindikira choyenera?

Mbiri ya malo

Ku Cape Town yankho la funsoli silili patali. Sukulu ya CPUT idabadwa m'chaka cha 2005 pomwe sukulu za Cape Technikon ndi Peninsula Technikon zidaphatikizidwa, ndipo nthambi yake ya mumzinda ili m'dera la District Six. Pa 11 February 1966 boma la tsankho lidalengeza kuti derali likhale la azungu okhaokha potsatira lamulo la Group Areas Act. Anthu oposa 60,000 adasamutsidwa mokakamiza ndipo nyumba zawo zidagwetsedwa. Zonsezi zidachitika motsata lamulo la nthawiyo.

Mtunda wongoyenda pansi kuchokera pasukulupa, kumtunda kwa msewu wa Adderley, kuli nyumba ya Slave Lodge yomwe idamangidwa m'chaka cha 1679. M'menemo kampani ya Chidatchi ya VOC inkasungiramo akapolo ake ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi Indonesia. Kampaniyi idali ndi eni masheya ndi mabuku a ndalama olembedwa mwadongosolo, ndipo m'mabukumo munthu ankawerengedwa ngati katundu. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, chipukuta misozi chidapita kwa eni akapolo osati kwa akapolowo. Nyumba yomweyi idagwiritsidwanso ntchito ngati bwalo lalikulu la milandu. Wophunzira amene waona malo awiriwa sakaikanso kuti chinthu chikhoza kukhala chololedwa ndi lamulo koma chili choipa.

Safunsa adadya phula

Komabe umunthu pawokha sungateteze wamalonda amene sadziwa lamulo. N'chifukwa chake phunziroli limayambira pa mgwirizano: wina apereke ganizo, wina alivomere, onse akhale oti lamulo limawalola kupangana, ndipo chomwe apanganacho chikhale chotheka ndi chosaphwanya lamulo. Malamulo a migwirizano a ku South Africa mizu yake ili m'malamulo a Aroma ndi Adatchi, pomwe a ku Malawi ndi Zambia adachokera ku England, koma mfundo yakuti pangano liyenera kusungidwa ili konsekonse.

Mlandu wa Beadica, womwe udayambira ku Cape Town konkuno, ndi chitsanzo chabwino cha m'kalasi. Eni mabizinesi ang'onoang'ono anayi, omwe kale adali antchito ndipo adathandizidwa ndi thumba la National Empowerment Fund kuti aime paokha, adachedwa kupereka chidziwitso chakuti akufuna kuonjezera nthawi ya lendi ya malo awo. Mwini malo adawauza kuti atuluke. Bwalo lalikulu la Western Cape, lomwe lili mumsewu wa Keerom, lidawaikira kumbuyo poona kuti mabizinesi awo akadagwa chifukwa cha kuchedwa chabe. Koma mu 2020 bwalo la Constitutional Court lidagamula kuti iwo sadapereke chifukwa chokwanira chomwe adalepherera kutsata zomwe adasayinira. Oweruza ena sadagwirizane ndi anzawo pa chigamulochi. Apa wophunzira amatolapo zinthu ziwiri: kuti tsiku lolembedwa mumgwirizano si loseweretsa, komanso kuti ngakhale oweruza akuluakulu amasiyana maganizo pa malire a chifundo ndi lamulo.

Mtengo wa buledi

Pofuna kuonetsa kuti chinyengo cha m'maofesi chimafika mpaka m'mbale ya mwana, mphunzitsi wa ku Cape Town ali ndi nkhani ya buledi. M'mwezi wa December 2006 makampani akuluakulu ophika buledi m'chigawo cha Western Cape adakweza mitengo nthawi imodzi, Khirisimasi ili pafupi. Bambo Imraahn Mukaddam, omwe ankapikula buledi n'kumagulitsa, adakadandaula ku bungwe la Competition Commission. Kafukufuku adapeza kuti makampaniwo ankakumana mwachinsinsi n'kumapangana mitengo, zomwe lamulo la Competition Act la 1998 limaletsa. Kampani ya Premier idaulula zonse ndipo idakhululukidwa. Ya Tiger Brands idalipira chindapusa cha R98.8 miliyoni mu 2007, ndipo ya Pioneer Foods idalamulidwa kulipira pafupifupi R195 miliyoni mu 2010.

Chofunika kwa wophunzira n'chakuti mapangano oterewa sachitidwa ndi eni kampani okha. Pamafunika mamanejala a malonda oti akakhale nawo pamisonkhano, ndi makalaliki oti alembe mitengo yatsopanoyo. Ntchito zimenezi ndi zomwe ophunzira a chaka choyamba akukonzekera.

Chimodzimodzinso ndi nkhani ya Steinhoff, kampani yomwe likulu lake lidali ku Stellenbosch, pafupi ndi Cape Town. Mu December 2017 mkulu wake, Markus Jooste, adatula pansi udindo zitadziwika kuti mabuku a ndalama sadali olongosoka. M'masiku ochepa mtengo wa masheya ake udagwa ndi gawo loposa 80 pa 100 alionse, ndipo mwa omwe adaluza mudali thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma. Lipoti la PwC la 2019 lidapeza malonda abodza kapena okaikitsa okwana pafupifupi mayuro 6.5 biliyoni pakati pa 2009 ndi 2017. Izi zidachitika m'dziko lomwe lili ndi lamulo la Companies Act la 2008 komanso malangizo otchuka a King a kayendetsedwe kabwino ka makampani, omwe adayamba kutuluka mu 1994. Malamulo adalipo, koma padasowa anthu okwanira olimba mtima kukana kusayinira bodza.

Phindu kwa anthu a kwathu

Amalawi ambiri amagwira ntchito ku Cape Town m'malesitilanti, m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa ndi m'mashopu. Ena mwa omwe adzakhale mabwana awo ndi ophunzira omwewa. Choncho n'kofunika kuti m'kalasi amve za mlandu wa Discovery Health wa 2008, pomwe bwalo loona za ntchito lidagamula kuti mzika ya dziko la Argentina yomwe chilolezo chake chogwirira ntchito chidatha idali wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo idali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la CCMA. Ayeneranso kudziwa kuti kuyambira pa 1 January 2019 dzikoli lili ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, omwe adayambira pa R20 pa ola. Manejala amene amapondereza mlendo poganiza kuti alibe kolowera amaphwanya lamulo ndi umunthu womwe.

Nafenso kwathu nkhani zophunzitsira sizisowa. Kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill mu 2013, komwe kudatchuka ndi dzina lakuti Cashgate, kudatheka chifukwa makampani ena ankalandira macheke pa katundu yemwe sadapereke, ndipo panali anthu ophunzira bwino omwe ankakonza mapepalawo. Mphunzitsi wa ku MUBAS ku Blantyre kapena ku University of Zambia ku Lusaka akhoza kuchita zomwe mnzake wa ku Cape Town ali ndi mwayi wochita: kuyamba ndi mlandu weniweni wa m'dera lomwe ophunzira akulidziwa, kuwafunsa zomwe lamulo likunena, kenaka n'kuwafunsa zomwe iwo akadachita akadakhala kuti ndiwo agwira cholembera.

Funso lachiwirili ndi lovuta kulichonga pamayeso, ndipo n'chifukwa chake kawirikawiri limasiyidwa mpaka sabata yomaliza ya teremu. Koma akuluakulu adati kuongola mtengo n'kuuyamba uli waung'ono. Wachinyamata amene wazolowera kudzifunsa funsoli m'chaka choyamba sadzadzidzimuka tsiku lomwe bwana wake adzamubweretsere pepala lokaikitsa kuti asayinire.